Manja anga atha ndi jiki: kodi kansalu ndi madzi okha zingakwanire?

Mayi_wa_Awiri:
Anzanga pa gulu pano, ndabwera ndi nkhawa. Ndimakhala ku Chilomoni m'nyumba ya lendi, pabalaza ndi kuchipinda pansi ndi pa simenti, kukhitchini ndi kubafa kuli matailosi. Chiyambire kolera ija ya 2022 ndinazolowera kuthira jiki paliponse: pokolopa, popukuta tebulo, pasinki, ngakhale pa zitseko za kabati. Tsopano manja anga asenda, pakati pa zala pang'ambika, ndikamadula tomato kapena kugwira mchere pamanyereza ngati ndapsa ndi moto. Kuwonjezera apo mwana wanga wamng'ono ali ndi mphumu, ndipo ndaona kuti tsiku limene ndakolopa kwambiri ndi lomwe amagona akutsokomola, pachifuwa pakulira ngati kamphaka.

Mlamu wanga wabwera kuchokera ku Joni ndipo wandipatsa tinsalu tinayi tofewa, akuti ndi microfibre, akuti ndizingonyowetsa ndi madzi basi. Ndayesa pa magalasi a mawindo, zoona awala. Koma mtima sukukhazikika. Nyumba ikapanda kumveka fungo la jiki ndimaona ngati sindinagwire ntchito. Alipo amene amagwiritsa ntchito tinsalu timeneti? Nanga majeremusi amafa?

Bambo_aChiko:
Madzi okha? M'dziko muno momwe tinaika anthu m'manda ndi kolera? Ayi mayi, gulani magolovesi koma jiki musasiye.

Sisi_wa_kuJoni:
Achemwali, ine ndagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tinsalu timeneti ndiye khasu langa. Chinsinsi chake ndi kagwiridwe, osati kungokhala nato.

Musamakakwinye m'manja ngati chisanza. Kapindeni pakati, mukapindenso, kakhale ngati kabuku. Mukatero muli ndi mbali zisanu ndi zitatu zoyera. Mbali imodzi ikada mumatembenuza, ikadanso mumatambasula ndi kupindira kwina. Ndiye madzi: kanyoweni, mukafinye mpaka kasadonthe ngakhale dontho limodzi. Kakanyowa kwambiri kamangosambitsa litsiro kulichotsa uku kulipititsa uko. Popukuta musamazungulire ngati mukupaka kobra, muziyenda mbali imodzi, kuchokera kumwamba kutsika pansi, kuchokera poyera kupita pakuda. Pagalasi mukadutsa ndi konyowa, tsatizani kouma nthawi yomweyo. Fumbi la pa TV ndi pa mashelefu, kouma kokha.

Mayi amene ndinayamba kuwagwirira ntchito anali ndi chifuwa ngati cha mwana wanuyo, m'nyumba mwawo munalibe mankhwala otsukira opopera alionse, koma simukanapeza fumbi ngakhale pamwamba pa chitseko.

Namwino_Wopuma:
Mwanawe, funso lako lomaliza ndilo lofunika, ndipo yankho lake ndi lakuti ayi, majeremusi safa. Kansaluko sikapha kanthu. Kamanyamula. Kamatola tizilombo pamodzi ndi litsiro n'kutisunga mkati mwake, ndipo timachoka ukakachapa. Pa tebulo lodyera, pawindo, pa kabati, pa furiji kunja kwake, zimenezo n'zokwanira, chifukwa palibe chimene ukulimbana nacho kupatula fumbi ndi zala za ana.

Koma a Bambo_aChiko sakunama pa za kolera. Mliri uja unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, unafalikira dziko lonse, anthu oposa 1,700 anamwalira, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Ine ndinaona ndi maso zimene matendawa amachita kwa munthu m'maola ochepa. M'nyumba mukakhala wina wotsekula m'mimba kapena wosanza, pamenepo klorini, mankhwala opha tizilombo amene ali mu jiki, safunsa.

Vuto lathu ambiri ndi muyeso. Timathira ndi maso, ndipo timathira kwambiri. Jiki wa m'mashopu muno nthawi zambiri amakhala wa 3.5 peresenti, werenga pa botolo. Pa nthawi ya kolera, wopukutira pansi ndi ziwiya za wodwala amafunika akhale wa 0.2 peresenti, ndiye kuti kapu imodzi ya jiki ku makapu 16 a madzi ozizira. Wa mphamvu uja, wa 2 peresenti, ndi wothira pa masanzi ndi chimbudzi cha wodwala, osati wopukutira tebulo. Chinanso, klorini akakumana ndi litsiro amatha mphamvu, choncho uyambe watsuka ndi sopo, kenako upake, usiye ponyowa mphindi ngati khumi. Amene wasungunula lero usamusunge mpaka mawa. Ndipo mwana wa mphumuyo azikhala panja, mawindo otsegula.

Bambo_aChiko:
Ndiye mwandivomereza amayi.

Namwino_Wopuma:
Ndakuvomerezani theka, bambo. Kuchimbudzi ndi pa nthawi ya matenda, inde. Pa tebulo lodyera ana tsiku lililonse, ayi.

Aphunzitsi_aFizo:
Ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake kansalu kameneka kamaposa chisanza cha T-shirt yakale, chifukwa ena akuganiza kuti ndi kutsatsa malonda chabe. Amene mumavala magalasi a maso, kansalu kaja kamabwera m'kabokosi ndi komweko. Yesani kupukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, kenako ndi kansaluko, muona kusiyana.

Ulusi wake si wa thonje. Ndi pulasitiki wa mitundu iwiri, polyester ndi nayiloni, kawirikawiri magawo 80 ndi 20, pa chikwama amalemba polyamide m'malo mwa nayiloni. Ulusi umodzi ndi wopyapyala kwambiri kuposa tsitsi la munthu, ndipo ku fakitale amaung'amba m'litali mwake kuti ukhale ndi mipata. Mukaudula n'kuuona pa makina okulitsa zinthu umaoneka ngati lalanje lodula pakati, lokhala ndi zigawozigawo. Ulusi wa thonje ndi wonenepa, umakankha litsiro patsogolo pake ngati fosholo. Uwu umalowa m'timing'alu ta pa thabwa kapena pa tailosi n'kukola litsirolo m'mipata ija. Kakakhala kouma, kukhuzana kumapanga mphamvu yokoka fumbi, ija ana amachita ndi rula pa tsitsi n'kutola tizidutswa ta pepala. Kakakhala konyowa pang'ono, mipata ija imayamwa madzi ngati chingwe cha koloboyi chimene chimakoka palafini kukwera naye mmwamba.

Ulusi wopyapyala chonchi unayamba kupangidwa ku Japan cha m'ma 1970, ndipo ku Sweden ndi kumene tinsalu topukutira tinatchuka m'ma 1990.

Nachisale_25:
Ine ndisakambe za kansalu kaye, ndikufuna ndichenjeze. Chaka chatha tinali ndi alendo obwera kudzakambirana za chinkhoswe cha mng'ono wanga, ndiye ndinafuna kuchimbudzi kuwale. Ndinathira mankhwala aja a m'botolo lopindika khosi, ochotsa dzimbiri, kenako ndinawonjezera jiki kuti zigwire bwino. Sipanathe mphindi. Maso anayamba kuwawa, kukhosi ngati wina wandikanyanga, kutsokomola kosaleka. Kachimbudzi kathu kali ndi kawindo kakang'ono, ndinatuluka ndikukwawa. Mwamuna wanga ananditengera kuchipatala, ndinakhala masiku atatu mawu asakutuluka bwino. Mpaka lero ndikamva fungo la jiki mtima umagunda. Mwana akanalowamo nthawi imeneyo sindidziwa.

Aphunzitsi_aFizo:
Pepani kwambiri mayi. Mankhwala ochotsa dzimbiri m'chimbudzi ambiri ali ndi asidi, ndipo asidi akakumana ndi jiki amatulutsa mpweya wa klorini, womwe uja anapha nawo asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Viniga nayenso ndi asidi, musasakanize. Mankhwala okhala ndi amoniya nawonso amatulutsa mpweya woipa akakumana ndi jiki. Jiki mnzake ndi madzi ozizira okha.

Mayi_wa_Awiri:
Mayo ine. Ndakhala ndikuthira jiki m'madzi otentha poganiza kuti ndiye agwira msanga. Nthunzi ija ndimaipuma ine ndi mwana kumsana.

Carer_wa_Leeds:
Moni nonse kuchokera kozizira kuno. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosungirako okalamba. Achemwali mwanena kuti tinsalu tanu ndi tinayi, ngati tili ta mitundu yosiyana ndiye mlamu wanu wakuchitirani bwino. Kuno ku Mangalande zipatala za boma, zomwe amati NHS, zili ndi lamulo la mitundu, ndipo ifenso timatsatira: kofiira ndi ka kuchimbudzi ndi kubafa, kobiriwira ndi ka kukhitchini, ka buluu ndi ka malo wamba monga pabalaza ndi m'maofesi, kachikasu ndi ka chipinda cha wodwala matenda opatsirana. Ukapezeka ndi kofiira kukhitchini imakhala nkhani.

Ndikunena izi chifukwa ngozi yaikulu ya kansalu kameneka ndi ubwino wake womwewo. Kamatola kwambiri. Ukapukutira chivindikiro cha chimbudzi kenako tebulo, wanyamula zonse wakaziyala pamene ana amadyera. Ndikabwera kumudzi ndimaona chisanza chimodzi chikuyenda nyumba yonse, kuchokera pa mpando kupita pa mbale kukathera pa mphuno ya mwana. Mayi anga ndinawakhomerera misomali inayi kuseri kwa khitchini, msomali uliwonse kansalu kake.

Ndipo kunonso, munthu akatsekula m'mimba, sitidalira kansalu. Timagwiritsa ntchito klorini ndi zopukutira zotaya.

Gogo_waMalosa:
Ana inu, ndikuwerenga ndipo ndikudabwa kuti mwafika pogula mankhwala pa chilichonse. Ife tinakula tikutsuka mapoto ndi phulusa ndi mchenga wa kudambo, mbale n'kuyanika pa thandala padzuwa. Pansi tinkazira ndi dothi lakuda Loweruka lililonse, n'kukhuta ndi mwala mpaka kusalala. Palibe amene anasenda manja.

Tadala_wa_Poly:
Agogo, ndi ulemu wonse, koma nthawi imeneyo ana ambiri ankamwalira ndi kutsekula m'mimba. Tisaiwale zimenezo.

Gogo_waMalosa:
Sindikuiwala mdzukulu wanga, ndinaika mwana wanga wachiwiri asanakwanitse chaka. Chinamutenga ndi madzi a pachitsime chosatetezedwa, osati phulusa. Ndikungonena kuti si litsiro lililonse limafuna botolo la m'shopu.

Aphunzitsi_aFizo:
Agogo akunena zoona pa phulusa. Likanyowa limakhala ndi mphamvu yomwe ija ya chidulo chimene timaphikira therere, ndipo likakumana ndi mafuta a m'poto limawasungunula ngati sopo. Soda wa therere nayenso amachotsa zomata pa chitofu mukamupanga phala ndi timadzi. Iye ndi wofatsa pa manja kuposa jiki.

Kawoshi_Boyz:
Mabwana, ife otsuka magalimoto timadziwa tinsalu timeneti kuposa aliyense, timatigwira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndikuuzeni, si tonse tonyezimira tili tenitenito. Tina ndi polyester yekha wosang'amba, kamangooneka kofewa koma ukapukuta galasi madzi amangothawa. Poyesa chitani izi: kadutsitseni pa dzanja. Kenikeni kamakola pa khungu lokhakhala la m'mbali mwa zikhadabo, mumamva ngati kakukokani pang'ono. Ena amanyansidwa nazo koma ndicho chizindikiro. Kachiwiri, thirani timadzi pa tebulo, ikani kansalu m'mbali mwake. Kenikeni kamamwa kokha. Kabodza kamakankha madziwo.

Mumatipeza m'mashopu a zipangizo za magalimoto, m'mashopu a Matchaina ku Limbe ndi ku Area 2, nthawi zina pa kaunjika m'mabelo a matawulo. Onani pa kachikwama ngati alemba 80 ndi 20.

Chenjezo limodzi: kakagwa pansi pa mchenga musapukutirenso galasi kapena TV musanachape. Mchenga umakodwa mkati, ndipo mudzakanda nokha chinthu chanu. Ine ndinalipira penti ya chitseko cha galimoto ya kasitomala chifukwa cha zimenezo, malipiro a milungu iwiri anapita.

Mayi_wa_Awiri:
Zikomo achimwene, ndayesa, tanga tikukola. Nanga kachapidwe kake? Mlamu anangoti ndisathire Sta-soft koma sanandiuze chifukwa.

Sisi_wa_kuJoni:
Mankhwala ofewetsa zovala amasiya kamafuta pa ulusi, ndicho chimafewetsa. Kamafuta kameneko kamatseka mipata ija aphunzitsi anena, kansalu kamasanduka koterera, sikamwanso madzi. Jiki nayenso amadya nayiloni pang'onopang'ono, ndiye tsiku lofuna jiki gwiritsani ntchito chisanza chakale. Chapani ndi sopo wa ufa pang'ono m'madzi ofunda, mutsukuluze mpaka thovu litheretu. Musachape pamodzi ndi matawulo a thonje, katola ubweya wonse ndipo mudzakhala mukutolatola ndi zala. Osasita. Osaika pafupi ndi mbaula kuti kaume msanga. Ndi pulasitiki, kamachita makwinya n'kuuma gwa.

Ndipo muzichapa tsiku lomwelo. Mukakasiya konyowa m'ndowa mpaka mawa, tizilombo tija katola timaswana momwemo, kamayamba kununkha.

Mai_aBusa_Thyolo:
Osasita? Nanga mphutsi? Kwathu kuno chilichonse choyanika panja timasita, ana anga awiri anatulukapo mphutsi kumsana.

Namwino_Wopuma:
Ntchentche ya mphutsi imakonda kuikira mazira pa dothi la mchenga lomwe pagwa mkodzo, ndi pa zovala zonyowa zoyanika pansi kapena pamthunzi. Yanikani pa chingwe padzuwa lenileni, kansaluka kamauma msanga. Komanso si chovala chimene chikhale pa khungu la mwana tsiku lonse. Matewera ndi malaya a ana pitirizani kusita.

Mai_aBusa_Thyolo:
Dzuwa lenileni mu Juni ndi chiperoni cha kuno? Sabata yathunthu osaliona. Koma ndamva, ndiziyanika pakhonde podutsa mphepo.

Mnyanja_waMonkeyBay:
Ndawerenga zonse ndipo palibe amene wakhudza chimene chikundivuta ine. Mwanena nokha kuti kansaluka ndi pulasitiki. Nthawi iliyonse mukachapa, tiulusi tosaoneka ndi maso timathothoka n'kupita ndi madzi. Sitivunda. Madzi ochapira a ku Lilongwe amathera mu mtsinje wa Lilongwe, kupita ku Linthipe, kukagwera m'nyanja yomwe ine ndimawedzamo. Usipa umadya tinthu tating'ono toyandama. Boma linaletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 (muyeso wa kukhuthala kwa jumbo) mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu 2019, koma onani mitsinje mmene ilili. Tsopano tiwonjezerenso pulasitiki wosaoneka n'komwe, n'kumati tikuteteza chilengedwe? Chisanza cha thonje chikatha chimavunda m'dzenje.

Tadala_wa_Poly:
Akulu, mfundo yanu ndi yoona koma tiyeni tiyeze bwino. Zovala zambiri za pa kaunjika ndi polyester, majuzi, mabulangete aja ofewa, mayunifolomu a mpira. Bulangete limodzi ndi lalikulu kuposa tinsalu makumi angapo. Tinsalu tinayi ta mayiwa si timene tithe usipa. Ndipo mbali inayo pali mabotolo a jiki ndi opopera amene sagulanso mwezi ndi mwezi, nawonso ndi pulasitiki, amathera mu Mudi.

Mnyanja_waMonkeyBay:
Aliyense akamati changa n'chochepa ndiye nyanja imadzaza choncho.

Tadala_wa_Poly:
Ndiye tiuzeni chochita, osangoletsa.

Mnyanja_waMonkeyBay:
Madzi ochapira musathire mu ngalande. Thirani m'dzenje kuseri kwa nyumba, dothi ligwire tiulusito. Chapani ndi manja mofatsa, osamenya pa mwala. Gulani kabwino kamodzi kokhalitsa m'malo mwa tabodza khumi. Ndipo pomwe chisanza cha thonje chikukwanira, monga pokolopa pakhonde, chisiyeni chigwire ntchito yake. Sindikuletsa mayi wa mwana wa mphumu, ndikungofuna tizidziwa kumene zinthu zikupita.

Bambo_aChiko:
Ine nkhani ya mitengo ndi imene yandikopa. Chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 botolo lililonse la zotsukira lakwera, ndipo mayi a kunyumba amagula mitundu isanu: la pansi, la magalasi, la kuchimbudzi, la matebulo, ndi jiki pamwamba.

NaPhiri_Kawale:
A Bambo_aChiko, mukuti mayi a kunyumba amagula. Nanga inu munagwirapo chikolopa chaka chino? Nkhani ya manja osenda imakhala ya amayi okhaokha chifukwa chake n'chimenecho.

Bambo_aChiko:
Ndimatsuka kubafa Loweruka lililonse mayi, mukafunse. Ndinaphunzira ku sukulu yogonera komweko.

NaPhiri_Kawale:
Ndiye mwachita bwino, muwauzeko anzanu. Koma ndili pomwepa ndinene za atsikana antchito. Ambiri a ife pa gulu pano tili nawo, ndipo amene amaviika manja mu jiki tsiku ndi tsiku ndi iwowo, osati ife. Ine ndinachita manyazi tsiku lina nditaona manja a mtsikana wanga akupereka madzi osamba m'manja kwa alendo, khungu loyera mbuu, zikhadabo zophwanyika. Ndinamufunsa, anati ankaopa kundiuza kuti mwina ndimuona waulesi. Mwana wa eni, zaka 19. Ndinamugulira magolovesi ndi mafuta opaka, jiki ndinamuika pamwamba pa kabati kuti azitsika Loweruka lokha. Tisanayambe kukangana za majeremusi tiyang'ane kaye manja a anthu amene amatikonzera m'nyumba.

Sisi_wa_kuJoni:
Mayi mwandikhudza. Chaka changa choyamba kuno nyumba ina ankandipatsa mankhwala otsukira uvuni opanda magolovesi, ndinapsa dzanja, chipsera chilipo mpaka pano. Sindinayankhule, ndinalibe mapepala. Mulungu akudalitseni pomuona mwanayo.

Chipata_Nyanja:
Muli bwanji a ku Malawi. Funso langa ndi la mafuta. Timaphika pa mbaula m'khitchini nthawi ya mvula, khoma ndi mashelefu zimachita mwaye wosakanikirana ndi mafuta a kapenta. Ndinayesa kansalu ndi madzi okha, kanangoda bii, khoma osayera. Ndiye zoti madzi okha akwanira ine ndikukana.

Kawoshi_Boyz:
Pamenepo mwalondola akulu. Mafuta enieni madzi okha sangathe. Madzi ofunda, timadontho tiwiri ta sopo wa mbale, kapena pakani sopo wa mtanda pang'ono. Koma mwaye yambani ndi chisanza chotaya kapena nyuzipepala, kansalu kabwino kabwere pomaliza. Mukayamba nako mwakapha tsiku limodzi. Ife mateyala ndi injini tili ndi zisanza zake, microfibre ndi ya penti ndi magalasi.

Namwino_Wopuma:
Ndiwonjezere pa za kukhitchini. Pamene mwadulirapo nkhuku yaiwisi kapena matumbo, musadutsepo ndi kansalu n'kumati kwatha. Thabwa ndi mpeni zipite m'madzi otentha a sopo, pa tebulopo sopo, ndipo kansaluko kachapidwe nthawi yomweyo musanakagwiritsenso. Tizilombo ta m'nkhuku yaiwisi timadwalitsa ana kwambiri. Anthu akamva kuti siyani mankhwala amphamvu amaganiza kuti asiyenso sopo. Sopo musamusiye.

Mlimi_waNchalo:
Kuno kuchigwa madzi a pa mjigo ndi a mchere, pampopi ndi pa matailosi pamatsala zoyerayera zolimba. Kansalu kangachotse?

Aphunzitsi_aFizo:
Zatsopano kamachotsa mukamapukuta pouma tsiku lililonse madzi asanaumirepo. Zakale zimafuna asidi wofatsa. Viniga woyera wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, kapena dulani ndimu mupake, dikirani pang'ono, pukutani, tsukuluzani. Jiki pamenepo sathandiza konse, chifukwa zoyerazo si majeremusi, ndi laimu. Koma viniga asagwe pa mwala wa marble, amaudya, komanso musamusiye nthawi yaitali pa simenti ya m'mizere ya matailosi. Ndipo kumbukirani nkhani ya a Nachisale, tsiku la viniga si tsiku la jiki.

Mayi_wa_Awiri:
Anzanga ndabweranso, papita masiku khumi ndi awiri. Ndinakhoma misomali ngati a ku Leeds. Kofiira kubafa, kobiriwira kukhitchini, ka buluu pabalaza, kachikasu ndasunga m'jumbo. Jiki ndikuthira kuchimbudzi kokha, kawiri pa sabata, ndi muyeso wa amayi a Namwino, madzi ozizira, mwana ali kwa aneba, ine nditavala magolovesi. Botolo limene linkatha sabata imodzi likadali pamwamba pa theka.

Zala zayamba kupola, dzulo ndakanda ufa wa mandasi osamva kuwawa. Mwana watsokomola usiku umodzi wokha, tsiku lomwe aneba ankawotcha zinyalala. Mankhwala ake opopera sindinasiye ndipo kuchipatala tipitabe pa tsiku lathu. Chimene chandidabwitsa ndi fumbi. Kale ndinkakung'untha mipando ndi chisanza, fumbi n'kuuluka n'kuteranso pomwepo, mwana ali pompo akupuma. Tsopano ndimaliona likutsalira pa kansalu, madzi otsukuluza amachita kufiira ndi dothi la mseu wathu.

Chovuta ndi apongozi. Anabwera Lamlungu, ananunkhiza pakhomo n'kufunsa ngati ndadwala, poti m'nyumba simukumveka kanthu. Ndinawapatsa mpango woyera kuti adutsitse pamwamba pa kabati. Anauyang'ana nthawi yaitali, sanayankhe, koma popita anapempha ka buluu. Ndiye ndikufuna ena. Komanso funso: pansi panga pa simenti yofiira ndimapaka kobra, kodi kansalu kangalowe m'malo mwa burashi?

Sisi_wa_kuJoni:
Popaka ayi, kobra ndi phula, atseka ulusi wonse ndipo sadzachokanso. Pakani ndi chisanza, walitsani ndi burashi monga mwa nthawi zonse. Masiku a pakati ndiye mangani kouma pa mutu wa tsache la ndodo muzidutsitsa m'mawa, katola fumbi osachotsa kobra, ndipo mudzapaka kamodzi pomwe munkapaka kawiri. Ndikubwera pa Khirisimasi ndi basi, ndikhoza kutengako paketi ziwiri. Amene mukufuna mundilembere kumbali, koma katundu ndi wochuluka kale, oyamba okha.

Mai_aBusa_Thyolo:
Ine ndalemba kale, tiwiri tofiira ta ku zimbudzi za kutchalitchi.